Banja longolowana, ana a mbali ziwiri ndi ukwati wakale umene sunathe ku khoti

Lipoti ili ndalembera anzanga a zamalamulo, maloya ndi alangizi a m'madera, amene amalandira anthu okhalira limodzi ndi kulera ana popanda ukwati wolembetsa. Mayina ndawabisa, ndipo zina zomwe zikanawaulula ndazichotsa. Awiriwa ndiziwatchula kuti Mayi ndi Bambo.

Mmene nkhani inafikira

Mayi ndi amene anayamba kubwera, ndi kankhani kooneka kakang'ono. Kuntchito kwa Bambo ankalembetsa ana pa sikimu ya chipatala, koma mwana wawo wamwamuna wa zaka 4 anamubweza chifukwa pa chiphaso chake cha kubadwa, pamalo pa dzina la bambo panalibe kanthu. Mwanayo pobadwa Bambo anali kutali ndi ntchito, ndipo wolembera anakana kulemba dzina la munthu amene sanaonekere. Wolemberayo sanalakwitse. Pansi pa lamulo la National Registration Act la 2010, makolo akakhala kuti sali pa ukwati, dzina la bambo sililembedwa pongomvera mawu a mayi. Bamboyo ayenera kuvomera yekha, apo ayi khoti ligamule. Mayi ankafuna kalata yolumbira, basi.

Bambo anali wa zaka za m'ma 40, wolembedwa ntchito pa kampani ina, wokhala ndi penshoni. Mayi anali wa zaka za m'ma 30, ndipo anali ndi bizinesi yawoyawo yomwe inkayenda bwino ndithu. Anali atakhala limodzi zaka 4 ndi miyezi ingapo. Sanapange chinkhoswe, sanadalitse kumpingo, sanalembetse kwa DC. Pakhomo panali ana atatu: mnyamata uja, kamtsikana ka chaka chimodzi, ndi mtsikana wa zaka 11 yemwe Mayi anabereka kwina ndipo Bambo ankamulipirira sukulu ngati wawo. Panalinso mnyamata wa zaka 16 wa Bambo, wokhala ndi mayi ake kwina.

Munthu akabwera ndi vuto la chiphaso ngati ili ndimafunsa mafunso atatu: nyumba ili m'dzina la ndani, wilo ilipo, nanga pa fomu ya penshoni panalembedwa ndani. Nyumba inali m'dzina la Bambo okha. Wilo kunalibe. Za fomu Mayi sankadziwa. Koma sanaoneke odandaula. "A loya, ife ndife banja, aliyense akudziwa. Ndipo ndinamva kuti mukakwanitsa zaka 5 muli limodzi ndiye kuti boma lakukwatitsani. Ife kwatsala pang'ono."

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo ali ndi kachoonadi kake, n'chifukwa chake ndi oopsa. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limazindikiradi ukwati wodziwika ndi mbiri komanso wokhalira limodzi mokhazikika. Lamulo la Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015 linauika pamodzi ndi maukwati a kwa DC, a mwambo ndi a chipembedzo. Koma gawo 13 la lamulo lomweli likunena poyera kuti ukwati wotere umazindikirika pokhapokha khoti litagamula choncho. Zaka 5 ndi poyambira chabe. Khoti limaonanso ngati anthuwo ankakhaladi nyumba imodzi monga mwamuna ndi mkazi, mmene ankadalirana pa ndalama, mmene anapezera ndi kugwiritsira ntchito katundu, ngati ankalera ana limodzi, ndiponso ngati anthu owazungulira ankawatenga ngati banja. Palibe tsiku limene munthu amangodzuka ali pa ukwati chifukwa kalendala yakwana. Ndipo amene amapita ku khoti kukapempha chigamulo chimenechi nthawi zambiri amapita banja litasokonekera, kapena mboni yofunika kwambiri, yomwe ndi mnzakeyo, ili kumanda. Kudalira gawo 13 kuli ngati kukwera padenga kukafolera mvula ikugwa.

Ndinapempha kuti abwere onse awiri.

Zomwe zinatuluka Bambo ali okha

Anthu awiri akandipatsa ntchito imodzi ndimawauza pachiyambi pomwe, ndi kuwasainitsa, kuti chimene mmodzi andiuze chokhudza ntchitoyo sindingamubisire mnzake. Kenako ndimacheza ndi aliyense payekha. Anzanga ena amati kuteroko n'kutaya nthawi. Mu nkhani iyi zonse zinatembenukira pamenepa.

"Bambo, musanakumane ndi Mayiwa munakwatirapo?"

"Ndinakwatirapo, koma zinatha kalekale."

"Zinatha bwanji?"

"Tinangosiyana. Iwo anatenga mwana n'kupita kwawo."

"Ukwatiwo munamangira kuti?"

"Kwa DC."

"Nanga ku khoti munapitako?"

Anakhala chete pang'ono. "Ayi. Komatu padutsa zaka 9, a loya. Aliyense ali ndi moyo wake."

Ukwati wa kwa DC ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo sutha chifukwa anthu atalikirana, ngakhale patadutsa zaka zingati. Umatha ndi imfa kapena ndi chigamulo cha khoti. Pamaso pa lamulo Bambo anali adakali mwamuna wa mayi a mnyamata wamkulu uja. Izi zinatanthauza zinthu ziwiri. Choyamba, njira yachidule yomwe ndikanawalangiza, yoti angopita kukalembetsa ukwati, inali yotsekeka, ndipo kuiyesa kukanakhala kupalamula mlandu. Chachiwiri, ngakhale zaka 5 zikanakwana, ine sindikanafuna kuimirira pamaso pa jaji n'kumapempha kuti azindikire ukwati wongolowana pamwamba pa ukwati wa mkazi mmodzi womwe udakalipo. Wina angayese mtsutso umenewo, koma si wouikira tsogolo la ana.

Mayi ankadziwa za mkazi woyambayo ndi mwana wake, koma ankaganiza kuti banjalo linathetsedwa mwadongosolo. Bambo anandichonderera kuti ndisawauze. Ndinawakumbutsa pepala lomwe anasaina, n'kuwauza kuti asankhe: awauze okha, kapena ine ndisiye kuwathandiza onse awiri, zomwe zikanachititsabe Mayi kufunsa chifukwa. Anawauza okha. Kwa kanthawi ndithu sanabwerenso, ndipo ndinkaganiza kuti fayiloyo yafera pomwepo. Atabwera, Mayi anayamba ndi funso lomwe ndikanakonda aliyense atamafunsa: "Tiuzeni, Bambowa atati amwalire lero, ine ndi ana titsala ndi chiyani?"

Yankho la funso limenelo

Munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake chimagawidwa motsata gawo 17 la lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Oyenera kulandira ndi banja lenileni la malemu, kutanthauza mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, komanso anthu omudalira monga momwe lamulolo likuwafotokozera.

Ana atatu obereka Bambo anali otetezeka mofanana. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo lamulo la 2011 limatsatira zomwezo. Vuto la mnyamata wa zaka 4 linali la umboni chabe: popanda dzina pa chiphaso, wachibale aliyense wofuna kusokoneza akanatha kukana kuti mwanayo ndi wa malemu, nkhani n'kukathera ku khoti la ana.

Mkazi wa malemu pa lamulo akanakhala mayi wosiyidwa kalekale uja. Ndipo poti lamuloli limapatsa mkazi wamasiye ufulu wosunga katundu wa m'nyumba, pakanabuka mkangano ngakhale pa mipando ndi mabedi omwe iye sanawaonepo.

Chomwe chinawadabwitsa kwambiri ndi ichi. Mtsikana wa zaka 11, ngakhale sanali wobereka Bambo, akanatha kuwerengedwa ngati wodalira malemu, chifukwa lamulo limawerengera mwana wamng'ono amene malemu ankamusamala ndi kumuphunzitsa. Limawerengeranso makolo a malemu amene ankawasamala. Koma silitchula munthu wamkulu wongokhala naye. Mwana wopeza anali ndi poima, pamene mayi ake analibe.

Nyumba inali pa malo a lizi olembetsedwa m'kaundula m'dzina la Bambo, choncho yonse ikanalowa m'chuma cha masiye. Pulotiyo Bambo anaigula atasiyana kale ndi mkazi woyamba, koma ndalama yambiri yomangira, kuyambira pa mawindo kukafika kudenga, inachokera m'bizinesi ya Mayi. Mayi akanayenera kukasuma ku Khoti Lalikulu n'kutsimikiza zomwe anaikamo. Ngakhale kwa anthu okwatirana bwinobwino nkhani imeneyi si yophweka: pa mlandu wa Sikwese ndi Banda mu 2017, khoti la Supreme linaonetsa kuti ukwati pawokha suchititsa katundu yense kukhala wa onse awiri, koma pamaonedwa cholinga cha eni ake ndi zomwe aliyense anaikapo. Nanga kuli bwanji munthu yemwe ukwati wakewo akuukayikira?

Fomu ya penshoni titaiitanitsa tinapeza kuti Bambo anailemba akuyamba ntchito ndipo sanaikhudzenso. Inali ndi mayina awiri: mkazi woyamba ndi mayi awo owabereka. Panalibe mwana ngakhale mmodzi.

Zomwe tinachita, ndi chifukwa chake

Bambo ankafuna tiyambe ndi kuthetsa ukwati wakale, poganiza kuti ndiwo muzu wa zonse. Anali kunena zoona kuti ndiwo muzu, koma ndinakana kuudikira. Ntchito ndinaisanja potengera kuti ikudalira anthu angati. Zomwe awiriwa akanamaliza okha ndi cholembera zinakhala patsogolo. Zofuna ofesi ya boma zinabwera pambuyo pake. Zofuna khoti ndi munthu wina wokhoza kukana tinaziyamba nthawi yomweyo, koma sitinamangirepo chilichonse.

Tisanasaine kanthu ndinatumiza Mayi kwa loya wina kuti akamve uphungu paokha. Pa nkhani ya nyumba zofuna za awiriwa sizinali zimodzi, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku lina wina adzanena kuti Mayi anawakakamiza Bambo, kapena kuti Bambo anawapusitsa Mayi. Kalata ya loya winayo inalowa m'fayilo.

Chiphaso cha mwana chinakonzedwa mosavuta: Bambo anapita okha ku National Registration Bureau ndi Mayi, navomera polemba.

Pa penshoni panafunika kusamala. Ndalama za imfa za ku penshoni sizitsata wilo, zimatsata fomu yomwe mwini wake anasiya kwa oyendetsa thumbalo. Umu ndi mmene zinalili pansi pa lamulo la penshoni la 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2023. Pamwamba pa zomwe wantchito ndi bwana wake amasonkha mwezi ndi mwezi, palinso inshulansi ya moyo yomwe olemba ntchito amayenera kulipirira wantchito wawo, choncho kwa anthu ambiri olembedwa ntchito fomu imeneyi imanyamula ndalama zoposa zonse zomwe zili mu wilo. Bambo ankafuna kulembapo Mayi monga mkazi wawo. Ndinawaletsa. Lamulo limakamba za mkazi kapena mwamuna wa pa ukwati, ana, ndi abale apafupi, ndipo kulemba "mkazi" pa dzina la Mayi pamene mkazi wa pa lamulo alipo kukanapatsa anthu chifukwa chotsutsira fomu yonse. Tinalembapo ana atatu obereka Bambo ndi mayi awo okalamba. Kuti Mayi ndi mtsikana wamkulu asatsale padera, Bambo anatenga inshulansi ina ya moyo paokha n'kuwalembapo awiriwo ndi mayina awo, popanda mawu ofotokoza ubale. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ankafuna kulibisa kuti azilipira zochepa. Ndinawauza kuti inshulansi yotengedwa mobisa matenda ndi pepala chabe. Anaulula, ndipo ndalama zolipira pamwezi zinakwererapo.

Nyumba ndiyo inatidyera nthawi. Lamulo la Registered Land Act limalola anthu awiri kukhala eni malo m'njira ziwiri. Akalembedwa ngati joint proprietors, mmodzi akamwalira malo onse amapita kwa wotsalayo, osadutsa m'chuma cha masiye. Akalembedwa ngati proprietors in common, aliyense ali ndi gawo lake, ndipo gawo la womwalirayo limagawidwa motsata wilo kapena lamulo. Loya wa Mayi ndi ine tinakambirana kwambiri pamenepa. Njira yachiwiri ikanateteza bwino ana, chifukwa Bambo akanatha kusiyira ana awo gawo lawo mwachindunji. Koma ikanalowetsa theka la nyumba m'chuma cha masiye, momwe mkazi woyamba anali ndi khomo lolowera. Njira yoyamba inkatseka khomo limenelo, koma inkatanthauza kuti Bambo akatsogola, nyumba yonse ikhala ya Mayi, ndipo mnyamata wamkulu sadzalawapo kanthu. Ngakhale ana aang'onowo akanadalira zomwe Mayi adzachite m'tsogolo. Ndinawafotokozera Bambo zimenezi mosabisa, kawiri, ali okha. Anasankha njira yoyamba, ndipo anagwirizana zoti mnyamata wamkulu adzatenge puloti ina yopanda nyumba yomwe anali nayo.

Kusintha dzina pa malo a lizi kumafuna chilolezo cha mwini lizi, za misonkho ndi kulembetsa, ndipo siziyenda mwachangu. Podikira, Mayi anaikitsa caution m'kaundula, kusonyeza kuti ali ndi gawo pa malowo, kuti pasachitike chilichonse iwo osadziwa. Tinasonkhanitsanso umboni wa zomwe anaika pa nyumbayo: malisiti a simenti ndi malata, masitetimenti a kubanki, mauthenga a ndalama zotumiza pafoni kwa amisiri. Zambiri zinali zitatayika, koma zomwe zinapezeka zinali zokwanira. Awiriwa anasaina chikalata cha mgwirizano chofotokoza mbiri ya nyumbayo, katundu wa aliyense, ndi zomwe zidzachitike atasiyana ali moyo. Mbali yomalizayi onse sanaikonde. Ndinaumirira, chifukwa mabanja ambiri amtunduwu satha ndi imfa.

Wilo tinalemba ziwiri. Lamulo limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi. Mboni tinatenga anthu osalandirapo kanthu. Mu wilo ya Bambo, Mayi tinawatchula ndi dzina lonse ndi nambala ya chiphaso cha unzika, n'kuwonjezera kuti mphatsoyo ndi yawo kaya khoti liwazindikire ngati mkazi kaya ayi. Mtsikana wamkulu naye tinamutchula ndi dzina, chifukwa mawu oti "ana anga" sakanamuphatikiza. Puloti inapita kwa mnyamata wamkulu, galimoto ndi katundu wa m'nyumba kwa Mayi, ndalama za kubanki kwa ana onse anayi.

Apa panali kusamvana pakati pa ine ndi Bambo. Gawo 15 la lamulo la 2011 limalola khoti kupatsa gawo munthu wa m'banja lenileni la malemu amene wasiyidwa mu wilo. Mkazi woyamba, bola ukwati usanathe, anali m'gulu limenelo. Ndinawalangiza kuti amusiyire kenakake kooneka, kuti asadzakhale ndi chifukwa chokwanira chosumira. Anakanitsitsa. "Zaka 9 osandifunsa ngati ndadzuka, lero ndimulembe mu wilo? Ayi, a loya." Chomwe anavomera ndi kulemba chikalata chapadera chofotokoza nthawi yomwe anasiyana, kuti sankadalirana pa ndalama, ndi kuti mwana wawo amusiyira puloti ndi gawo la penshoni. Wilo ndi ya mwini wake. Ndinalemba uphungu wanga m'fayilo n'kupitiriza.

Oyang'anira wilo ndinapempha kuti akhale awiri, Mayi ndi wina wa kuchimuna. Bambo anasankha mlongo wawo wamkulu, munthu amene abale onse ankamumvera. Tinamuitana, n'kumufotokozera zonse Bambo ali pomwepo. Wilo imodzi inasungidwa ku ofesi kwathu, ndipo mlongoyo anadziwa kumene ili.

Pa za kulera ana, lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalola kholo kusankha mu wilo munthu wodzalera ana ake. Kwa ana aang'ono awiri zinali zosavuta. Kwa mtsikana wamkulu, Mayi anasankha Bambo, koma ndinawachenjeza kuti bambo ake omubereka adakali moyo ndipo udindo wawo sufafanizika ndi wilo ya munthu wina. Za kumutenga mwanayo kukhala wa Bambo mwalamulo tinazikambirana n'kuziika pambali, chifukwa zikanafuna chilolezo cha bambo omuberekayo ndiponso ukwati womwe panalibe.

Pempho lothetsa ukwati wakale tinalipereka ku Khoti Lalikulu. Kupeza mkazi woyamba kuti alandire masamoni kunavuta poti anali atasamuka. Atapezeka anatenga loya n'kunena kuti nayenso ali ndi gawo pa katundu. Mlandu unaima pamzere.

Zomwe zinachitika

Patadutsa chaka ndi miyezi ingapo Bambo anagwa kuntchito ndi sitiroko. Anakhala m'chipatala masiku ochepa osalankhula, kenako anamwalira. Dzina la Mayi linali litalowa kale m'kaundula wa malo. Mlandu wothetsa ukwati unali usanamvedwe, ndipo unafera limodzi ndi mwini wake. Bambo anamwalira ali mwamuna wa mkazi woyamba. Zaka 5 zomwe Mayi ankaziyembekezera zija zinali zitakwana, koma sizinagwire ntchito iliyonse.

Mwambo wa maliro utangotha, mng'ono wa malemu anatenga makiyi a galimoto n'kupita nayo. Kenako anabwera ndi mkazi woyamba. Mayi anandiimbira foni akunjenjemera, n'kundiuza zomwe ananena: "Mayi, nyumba iyi ndi ya achimwene. Mkazi wawo ndi awa. Inu tikupatsani mwezi umodzi."

Gawo 84 la lamulo la 2011 limati kulanda kapena kusokoneza chuma cha masiye popanda ufulu ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika pa chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka 10. Mayi ankafuna tipite kupolisi tsiku lomwelo. Ndinawapempha kuti tiyambe ndi kalata. Ana awiriwo akula ndi abale amenewa, ndipo munthu amene wagonapo m'chitolokosi chifukwa cha mlamu wake sabwereranso pa mkeka wa zokambirana. Kalatayo inatchula gawo 84, inanyamula chikalata cha m'kaundula chosonyeza kuti nyumba sili m'chuma cha masiye, ndipo inapereka tsiku lobwezera galimoto, kupyola apo tipita kupolisi. Koma chomwe chinagwira ntchito kwambiri si kalata yanga. Mlongo wa malemu anaitanitsa abale n'kuwauza kuti iye analipo pamene zonsezi zinkakonzedwa, ndipo kuti ndi zofuna za mchimwene wake. Galimoto inabwerera.

Mkazi woyamba sanalekere pomwepo, ndipo kunena chilungamo anali ndi ufulu woyesa. Loya wake anabweretsa mfundo ziwiri: kuti kusintha kwa dzina pa nyumba kunali kozembetsa katundu wa banja, ndiponso kuti wilo inamusiya wopanda kanthu. Mfundo yoyamba inafooka atangoona tsiku logulira puloti, malisiti, ndi kalata ya loya wodziimira payekha uja. Yachiwiri inali ndi mphamvu. Chikalata cha Bambo chofotokoza zifukwa chinathandiza kuchepetsa zomwe akanapempha, ndipo zoti mwana wake walandira puloti ndi gawo la penshoni zinachotsa mkwiyo wambiri, koma sizinafafanize ufulu wake. Ndinawerengera Mayi nthawi ndi ndalama zomwe mlandu ukanadya, pamene chuma chonse chili chomangika. Tinagwirizana kunja kwa khoti, mgwirizanowo n'kukalembetsedwa ku khoti: galimoto inagulitsidwa, ndalama zake n'kupita kwa mkazi woyamba, iye n'kusiya madandaulo ena onse. Mwa kuona kwanga, mphatso yochepera pamenepo ikanalembedwa mu wilo ikanatseka nkhaniyi isanayambe.

Penshoni inalipidwa motsata fomu yatsopano, ndipo gawo la ana osakwana zaka 18 likusungidwa n'kumatuluka pa zosowa zawo. A inshulansi anafufuza mbiri ya kuchipatala monga amachitira, anapeza kuti matenda anaululidwa, nalipira. Ndalama imeneyi ndi yomwe inasunga pakhomo, chifukwa akaunti ya Bambo inatsekedwa banki itangomva za imfa, ndipo inakhala yotseka miyezi yambiri kufikira khoti litapereka probate, chikalata chovomereza wilo ndi kupatsa mphamvu oyang'anira wiloyo. Bambo anali atasainira Mayi power of attorney yoyendetsera akauntiyo, koma chikalata chimenechi chimatha mphamvu mwini wake akamwalira. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ena amapalamula potapa ndalama ndi khadi la malemu. Mayi ndinali nditawachenjeza, ndipo sanakhudze.

Kwa anzanga ogwira ntchito imeneyi, pali zingapo zomwe nkhaniyi inanditsimikizira. Funso loti "munakwatirapo?" silokwanira, chifukwa anthu amayankha ndi mtima, osati ndi lamulo. Funsani kumene ukwati unamangidwira ndi pepala lomwe linauthetsa, ndipo funsani munthu ali yekha. Musalole kuti ufulu wa kasitomala wanu upachikike pa mawu amodzi oti "mkazi" kapena "mwamuna" pamene mawuwo angatsutsidwe. Nyumba, penshoni, inshulansi ndi mwana aliyense zikhale ndi pepala lakelake lomwe lingaime palokha. Fomu ya penshoni iitanitseni muione ndi maso, musamve za m'kamwa. Ndipo mbali inayo, ana a banja loyamba ndi abale, muwaganizire pokonza, chifukwa dongosolo lomwe lawasiya manja lende ndi lomwe limakathera ku khoti.

Fayilo sinatsekedwe. Nyumba tsopano ndi ya Mayi okha, ndipo chiopsezo chomwe tinachiona pachiyambi chija chasamukira kwa ana: Mayi akadzakwatiwa kapena kumwalira osakonza, gawo la ana aang'ono pa nyumba ya bambo awo likhoza kuchepa. Alembanso wilo yatsopano yosiyira nyumbayo ana awo atatu, yoti isagulitsidwe wamng'ono asanakwanitse zaka 18, ndipo asankha mlongo wa malemu kuti adzalere ana awiri aang'onowo. Za mtsikana wamkulu tikukambiranabe ndi bambo ake omubereka, omwe avomera pakamwa kuti mwanayo asadzasiyanitsidwe ndi abale ake, koma sanasainebe.